Galimoto Yobiriwira ya Wannes ndi Mbatatesi za a Godelieve

Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, khalani pansi, koma ndifotokoza mwachangu. Ndili ndi ana atatu, ndipo zovala zikundidikira m'makina ochapira.

Ali ndi zaka 19, Wannes Thoelen ankagona m'galimoto yakufa kuseri kwa bwalo la mpira m'tauni mwathu muno. Mayi ake anali atamwalira, bambo ake anasowa kalekale, ndipo mayeso a umakaniko anali atalephera kawiri. Ulendo wachiwiriwo anamasula injini n'kuimanganso bwinobwino, koma mabawuti asanu ndi awiri anatsala patebulo. Anawaponya m'thumba. Woyesa mayeso anawamva akulira pamene Wannes ankapita kukasamba m'manja.

Mmawa wina wa February, mwezi wa chisanu kuno kwathu, kukuzizira kouma nako zala, munthu anagogoda pagalasi. Anali a Godelieve, mayi oyang'anira ntchito yogawa chakudya kwa osowa muholo ya tchalitchi.

"Iwe, uli moyo? Ngati wafa unene, supuyu ndipatse wina."

"Ndili moyo, mayi."

"Ndiye tuluka. Kuli matumba a mbatatesi akudikira munthu wopanda chochita."

Zaka ziwiri anadya supu wa anyezi wa a Godelieve, akusenza matumba. Kenako anapeza ganyu pabwalo la mipikisano ya magalimoto ku Zolder, yosesa nyenyeswa za matayala. Anasesa. Anayamba kunyamula matayala. Mayeso anakalembanso kachitatu, ndipo m'thumba simunalire kanthu.

Ataona kuti aliyense pabwalopo amangofuna kuthamanga, iye anaphunzira kuimitsa. Mabuleki basi, zaka ndi zaka, mpaka manja anada osayeranso. Anatsegula galaja yake, nalemba anthu khumi ndi anayi, nakwatira Hilde, mkazi wanzeru amene ndimamumvera chisoni mpaka lero.

Atakwanitsa zaka 50 anagula chimene ankachilota akusesa: galimoto ya mpikisano yobiriwira ngati chule, imodzi mwa mazana awiri okha amene anapangidwa. Inalibe wailesi, inalibe mpando wakumbuyo, inalibe buti. M'kati munali zitsulo zopingasa ngati khola la nkhumba. Pansi pake chibakera changa sichikanalowa.

Tsono mvetserani, chifukwa apa m'pamene pali misala ya anthu osunga magalimoto otere. Sayendetsa. Akuti galimoto ikayenda, mtengo umagwa. Ya Wannes inabwera itayenda makilomita 38, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi kawotchi kake ka makilomita kankawerengabe 38. Anaimangira chipinda chofunda kuposa pabalaza pa Hilde. Lamlungu ankatenga mpando n'kukhala pambali pake, akudya tchipisi.

"Ngakhale utafuna, mimba imeneyo singalowe," ankatero Hilde. Ndipo sankanama.

November watha, vani yathu yogawira chakudya inafa. Ndikuti yathu chifukwa inenso ndimathandiza kuholoko Lachisanu lililonse, ngati kuti kunyumba kwanga ntchito inatha. Vaniyo inali ndi firiji, ndipo popanda firiji masitolo satipatsa nyama kapena mkaka. Mabanja 90 a m'midzi yozungulira, ambiri okalamba osatha kuyenda, ankadalira ulendo wa Lachisanuwo. Popanda vani, ulendowo ukanatha chisanu chisanafike pakati.

A Godelieve, tsopano a zaka 78, anakokera vaniyo kugalaja ya Wannes. Iye anasuzumira pansi pake kwa nthawi yaitali.

"Mayi, iyi si yokonza. Iyi n'njoitanira ansembe."

"Ndinakudyetsa zaka ziwiri kuti udzandiuze zimenezo?"

Sabata yonse Wannes sankadya bwino, zomwe kwa iye ndi matenda aakulu. Anaimbira bambo wina wogulitsa magalimoto otere pa okishoni, ndipo bamboyo anati chule uja angagule vani yatsopano n'kutsalako, bola kawotchi kasapitirire makilomita 40. Anapangana kuti bamboyo adzatenge galimoto yobiriwirayo Lolemba.

Lachinayi masana Wannes anaibweretsa pangolo, naitsitsa pakhomo pa holo ndi anyamata ake a kugalaja, akuikankha ndi manja ovala magolovesi oyera. Anaika makiyi m'dzanja la a Godelieve. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma kunatuluka kulira ngati kwa mwana wang'ombe.

"N'njanu, mayi. Ya ulendo wa Lachisanu," anangokwanitsa zimenezo, n'kuthawa.

Apa m'pamene analakwitsa. Iye ankayesa kuti dziko lonse limadziwa kuti galimoto yotere siyendetsedwa. Ife tinamva kuti galimoto ya Lachisanu yapezeka. Ulendo wake ndi makilomita 60.

Lachisanu mmawa tinayamba kupakira. Thumba la mbatatesi tinalikhazika pampando wa wokwera n'kulimanga malamba onse asanu ndi limodzi, ngati munthu. Anyezi tinapanikiza pakati pa zitsulo. Buledi tinaunjika kumbuyo mpaka kudenga. Mphika wa supu unakana kulowa, ndiye a Godelieve anati auika pamiyendo.

"Mwana uja anamubera," anatero akuzungulira galimotoyo. "Galimoto yopanda buti? Ngakhale kapeti anachotsamo."

Kuwalowetsa kunatitengera mphindi khumi. Ine ndinagwira miyendo, mnzanga Rita anagwira mapewa, chipewa chawo chinagwa kawiri. Atadina batani, injini inabangula mpaka nkhunda zonse zinathawa padenga la tchalitchi. A Godelieve sanatekeseke. Anangochotsa kachipangizo kowathandiza kumva m'khutu, n'kuponda.

Sindinaonepo supu akuthamanga choncho.

Koma kumapeto kwa msewu wa kutchalitchi kuli hampu. Si hampu wamba. A Godelieve omwewo anavutitsa khonsolo zaka khumi ndi chimodzi kuti aimange, ndipo itamangidwa anadandaula kuti yachepa, mpaka anaikweza. Galimoto ija inakwera ndi mphuno, inalira khwee, n'kukhala pamimba ngati nkhuku yofungatira mazira. Matayala akumbuyo ankangozungulira m'malere.

Ndinaimbira Wannes kuti abwere ndi chingwe. Nditamuuza chifukwa chake, ndinamva mpando ukugwa.

Anafika akuthamanga, munthu amene sanathamangepo chikwatirireni. Anatsegula chitseko, nalowetsa mutu pamwamba pa mphika wa supu, n'kuyang'ana kawotchi.

"38," anatero, nakhala pansi pamsewu. "Ikadali 38." Atapuma anawonjezera, "Mayi, muli bwino?"

"Wayamba kufunsa galimoto, eti? Ndakuona."

Pamenepo m'pamene anafotokoza zonse: za okishoni, za Lolemba, za makilomita 40. Tikanamaliza ulendowo, tikanadya vani yatsopano ndi matayala omwe. A Godelieve anabwezera kachipangizo m'khutu n'kumuuza kuti abwereze. Anabwereza.

"Ndiye ukuti zaka zisanu ndi chimodzi sunaiyendetsepo?"

"Ayi, mayi."

"Ndipo wina akufuna kuigula kuti nayenso asaiyendetse?"

"Eya, mayi."

"Amuna inu Mulungu akukhululukireni. Nanga mbatatesizi zifika bwanji?"

Wannes anayang'ana chule wake, supu ali chuchuchu pachiwongolero, pansi pake patakalika mzere wautali. Ndinati basi, aitenga abwerere nayo kuchipinda chofunda, ndipo palibe akanamunena. Koma anadzuka, napukuta m'maso ndi dzanja lakuda lija, n'kuimbira kugalaja kuti atseke, onse abwere. Amuna asanu ndi atatu ananyamula galimoto kuichotsa pahampu, a Godelieve ali momwemo akuwalangiza. Kenako Wannes anasenza thumba la mbatatesi paphewa, monga kale, n'kuliponya m'lole ya galaja. Mabanja onse 90 analandira chakudya tsiku lomwelo. Supu yekha ndiye sanafike.

Lolemba bambo wa okishoni anabwera atavala sikafu ya silika. Anagwada, naona mzere uja, nausa moyo. Analowetsa mutu m'kati, nanunkhiza.

"Kodi muno mukumveka anyezi?"

"Ndi mmene zimachokera kufakitale," anayankha a Godelieve.

Mzerewo unatsitsako mtengo, sindikubisirani. Ndalama zotsala zimene tinkati tikonzere denga la holo sizinapezeke, ndipo mvula ikagwa timatcherabe zidebe. Koma vani inagulidwa, yoyera, ya firiji, isanafike Khirisimasi.

Amene amaiyendetsa Lachisanu lililonse ndi Wannes. Mimba imakwana bwinobwino, ndipo pali poika tchipisi. Galimoto imene anailota moyo wake wonse sanaiyendetsepo ngakhale mita imodzi. M'tauni muno anaiyendetsa ndi munthu mmodzi yekha, gogo wa zaka 78, mamita mazana atatu, ndipo mukawafunsa amati inali yachabechabe.

Ndinamufunsa tsiku lina tikupakira ngati amaisowa. Anati Lamlungu lokha. Kenako anatsegula kabokosi ka kutsogolo m'vanimo n'kundionetsa mabawuti asanu ndi awiri, a dzimbiri, ali m'kabotolo ka jamu.

"Mpaka lero sindidziwa kuti ankalowa pati," anatero.

Ndiye inu amene mwalephera kawiri, amene m'thumba mwanu mukulira mabawuti ndipo aliyense akuwamva, osataya mtima. Tulukani m'galimoto yakufayo, mukasenze thumba limene lilipo, mukalembenso kachitatu. Mukadzakwera, mudzakumbukire amene anagogoda pagalasi lanu, ndipo mudzapereke chimene chikukuwawani kupereka.

Koma chonde, mukamapereka muzifotokoza. Kulira mudzalira pambuyo pake. Si msewu uliwonse uli ndi hampu ya a Godelieve.