Zidendene za Mayi Awo a Jonasi

A Jonasi amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pamphambano yolowera kwa Chiwalo. Pakasowa chubu chomata, amapukuta girisi pa thalauza n'kutsegula buku. Sakonda nthano. Amawerenga mabuku ofotokoza moyo wa munthu kuyambira kubadwa mpaka kumanda, ndipo amawabwereka kwa aphunzitsi ena ochokera kumpoto amene njinga yawo imaduka tcheni kawirikawiri.

Anabwera kuno ali wamng'ono, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Mayi awo anafera panjira, iwo analeredwa ndi azakhali awo. Sukulu anailekeza Fomu 2 ngati ine. Sanakwatire. Anyamata a kabaza amawatcha Pulofesa, iwo amangoyankha kuti, "Lipira sipoko zanga kaye, unditukwane bwino."

Ine ndimagulitsa nandolo pafupi nawo, mwana wanga Rejoice ali kumbuyo. Bambo ake ali ku Joni. Mwezi watha ndinapeza chotupa cholimba m'bere la kumanzere. Anamwino a pachipatala chathu chaching'ono anati ndipite ku chipatala cha boma akandipime. Sindinapite. Azakhali anga anapita ndi chotere, anabwerako ali m'bokosi. Sindinauze munthu.

Tsiku lina a Jonasi anatseka buku mwamphamvu.

"Amake Rejoice, anthu olemba mabukuwa alibe chisoni."

"Akulakwiraninso chiyani, amalume?"

"Ndamaliza atatu motsatizana. La dokotala, la m'busa, la wosewera mpira. Wa mpirayo ndi wodzitama, masamba onse zigoli zokhazokha. M'busayo ndiye wanditopetsa, ngati sanachimwepo chibadwire. Dokotala yekhayo ndi amene ndamukhulupirira, chifukwa akuvomera kuti odwala ena anafera m'manja mwake. Koma onsewo, buku lonenepa chonchi, mayi awo tsamba limodzi. Anabereka, anavutika, anamwalira. Basi, tsamba lachiwiri mwana ali kusukulu."

Ndinasiya kupeta nandolo.

"Alipo amene mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono?"

"Dokotalayo. Anali ndi zaka zitatu."

"Ndiye amawakumbukira?"

Ndinkafuna aname. Munthu wina aliyense akananama. A Jonasi anatsegula bukulo, n'kuyendetsa chala chakuda girisi pamzere.

"Akuti amakumbuka fungo la sopo. Nkhope ayi. Dzina anachita kufunsa."

"Nanga inu, amalume?"

Anazunguza tayala lopanda mpweya.

"Zidendene," anatero. "Tinkayenda m'tchire, iwo patsogolo ine pambuyo. Zinali zong'aluka, dothi lofiira litalowa m'ming'alumo. Ndayesa kukweza maso m'mutu mwangamu kuti ndione nkhope, sizitheka. N'chifukwa chake ndimawerenga zimenezi. Ndimati mwina ndipeza wina amene anakumbuka zambiri, andiphunzitse kakumbukiridwe kake. Sindinamupeze."

Rejoice anali atatsika, akuseweretsa mavavu akale a machubu m'chitini. Ali ndi zaka ziwiri zokha. Ndinayang'ana mapazi anga m'patapata. Nawonso ndi ong'aluka.

Misozi itayamba, ndinawauza zonse. Sanandilalikire, sanati zikhala bwino. Anangofunsa kuti anamwino ananena liti. Nditayankha, anapukusa mutu.

"M'buku la dokotalayo, amene ankachedwa ndi amene ankamuliza. Ena opita msanga ankafanso, sindikunamizani. Koma si onse."

"Ndikuopa, amalume."

"Opani muli panjinga."

M'mawa mwake anabwera kunyumba ndi njinga yawo, atamangirira chiguduli pakaliyala kuti ndikhale pofewa. Buku anali atalilowetsa m'thumba la jekete, akuti kuchipatala mzere umatalika.

Ndinasiya Rejoice kwa amayi anga. Ndinagwada, n'kumugwira masaya ndi manja onse awiri.

"Ndiyang'ane, mwanawe. Ndiyang'ane kumaso kuno."

Anaseka, n'kudzipotokola kuti aone belu la njinga.

Titayamba kuyenda ndinacheuka. Rejoice anali ataima pakhomo, chala m'kamwa, maso ali pansi. Sindikudziwa ngati ankayang'ana tayala kapena mapazi anga akulendewera.