Dzino la Nzeru la Kamarada

Amuna anga asanakhale kamarada anali kapitawo m'minda ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine, ndipo kukuwa anaphunzira komweko. Azungu atapakira katundu wawo, dziko n'kukhala lathu, anthu a chipani anabwera kudzafuna sekeretaryo wa mudzi wathu. Sanavutike kusaka. Anangomva mawu kuseri kwa nyumba, komwe bambowo ankakalipira mbuzi, n'kunena kuti munthu wake ndi ameneyu.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa Chipwitikizi. Sukulu ya kumishoni anaisiyira panjira, koma mawu ochepa amene anatola kumeneko ankawagwiritsa ntchito mosawamvera chisoni. Ndikati, "Bambo, madzi ndaika kubafa," ankandiwongolera kuti, "Kamarada," monga ankaitanirana anthu a chipani. Ine ndinkawauza kuti ankhoswe anandipereka kwa mwamuna, za kamarada sanandiuze.

Misonkhano inkachitikira pansi pa mtengo wa mango. Iwo ankakweza chibakera n'kukuwa kuti "Viva!" anthu n'kuyankha "Viva!" Kenako "Abaisho!" kutanthauza kuti chigwe pansi, anthu n'kubwereza. Zoyenera kugwa zinali zambiri: ulesi, mitala, kachasu, asing'anga. Akafika pa asing'anga ankaloza ndi mlomo kunyumba ya mayi wina wachikulire wa Chilomwe, wochokera ku Majaua, amene ankachiza mano.

Dzino linawayamba akutafuna chimanga chokazinga. Linali la chibwano, la kumapeto kwenikweni, kumene ngakhale chala chimafika movutikira. Anachukucha madzi amchere. Anaikapo fodya. Anaikapo thonje lonyika m'palafini, moti ndinawaletsa kuyandikira moto. Usinini unatupa, tsaya n'kutsatira, mpaka ankaoneka ngati mwana amene wabisa mango mkamwa. Nsagwada zinauma. Za fungo sindinena zambiri, poti ndinkagona nawo mphasa imodzi ndipo ndinapirira.

Loweruka msonkhano unalipo, ndipo anakana kuuimitsa. Anaimirira, nakweza chibakera, nayasamula kuti akuwe "Abaisho," koma dzino linawalasa pakati pa mawu. Chimene chinatuluka chinali, "Mayo ine!"

Anthu athu anali ataphunzitsidwa bwino. Mudzi wonse unakweza zibakera n'kuyankha pamodzi kuti, "Mayo ine!"

Ine ndinaluma chitenje kuti ndisamveke.

M'mawa mwake anatenga khasu n'kundiuza kuti akupita kukaona chinangwa. Munda wathu unali kum'mawa, iwo analowera kumadzulo. Ndinawalondola, ndipo ndinakawapeza atakhala pa mtondo kuseri kwa nyumba ya mayi wa ku Majaua uja, khasu lili pamiyendo. Pambali pawo panali amuna ena odikira, omwe aja ankayankha "Abaisho" mokweza kuposa onse. Aliyense ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

Mayiyo anatuluka ndi phale lotentha, nathirapo njere za nthula. Anawayang'ana bambowo nthawi yaitali.

"Abaisho uja mwamusiya kunyumba?"

Bambowo anayang'ana khasu lawo.

"Yasamulani, kamarada."

Anawalowetsa bango mkamwa kuti utsi ufike pa dzino, kenako anawalavulitsa m'mbale ya madzi n'kutionetsa tinthu toyera tosongoka, nati ndi mbozi zimene zinkadya dzinolo. Kaya zinali mbozi, kaya zinali njere zomwe zija zitaphulika, ine sindidziwa. Ululu unagona tsiku limenelo, koma unadzuka ndi mkwiyo woposa kale.

Pamenepo ndinawauza kuti tipite kuchipatala ku Milange, apo ayi ndipita kwa amayi anga mpaka dzinolo kapena mwini wake atatha. Tinakwera njinga, iwo akupalasa, ine pakaliyala. Panjira anandilangiza, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa, kuti tikafika ndisalankhule. Adotolo alankhula nawo okha m'Chipwitikizi, chinenero cha umodzi wa dziko.

Madotolo achizungu anali atachoka ndi anzawo. Amene tinamupeza anali mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, wobwera kudzathandiza boma latsopano, ndipo Chipwitikizi chake chinali chopindika ngati chathu chomwe. Pambali pake panali namwino wamwamuna, wa ku Molumbo, amene ankamasulira. Namwinoyo atafunsa m'Chinyanja kuti chavuta n'chiyani, amuna anga anamukankhira pambali ndi dzanja.

"Boka" ankaidziwa, kuti ndi pakamwa. "Denti" ankalidziwa, kuti ndi dzino. Koma iwo ankafuna kunena za usinini, ndipo mawu ake anali atawamvapo kamodzi kokha. Anakhosomola, naloza mkamwa, nanena mwaulemu wonse kuti "jenjibre" wawo watupa.

Adotolo anayang'ana namwino. Namwino anayang'ana kudenga.

"Bambo," anatero namwinoyo, "usinini ndi jenjiva. Jenjibre ndi jinja, uja amathira mu tiyi. Mwawauza adotolo kuti jinja wanu watupa."

"Ndi zomwezo," anatero amuna anga. "Kungoti kalankhulidwe ka kuno."

Adotolo anawapanikiza lilime ndi kachitsulo, naunika, nagwedeza mutu. Anati pansi pa dzino pali mafinya, ndipo lizulidwe lero lomwe. Analitchula dzina lake kuti "denti du juwizu."

Apa amuna anga anadzuka pampando. Juwizu ankamudziwa bwino, poti abambo a kumishoni ankawauza kawirikawiri kuti alibe.

"Juwizu si nzeru kodi?"

"Ndi nzeru," anatero namwino. "Azungu amalitcha dzino la nzeru chifukwa limamera munthu atakula."

"Ndiye mukufuna kuzula nzeru za sekeretaryo? Anthu ndikawatsogolera ndi chiyani? Zulani lina loyandikana nalo."

Ndinali nditalonjeza kukhala chete, koma lonjezo lili ndi polekezera. Ndinati, "Bambo, ngati nzeru zanu zonse zinali m'dzino limeneli, ndiye kuti zinaola kalekale. Alekeni achotse."

Namwino anamasulira ngakhale sanapemphedwe. Adotolo anaseka mpaka anatsamira khoma. Kenako anafotokoza kuti mano otere amakhala anayi, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Amuna anga anafufuza ndi lilime, napeza kuti enawo alipo, nakhalanso pansi. Anati atatu akwana kuyendetsa mudzi.

Jakisoni wa mu usinini anawakwezetsa miyendo m'mwamba. Namwino anawagwira mutu, ine ndinawagwira mawondo, adotolo analowetsa chopanira. Dzinolo linakana ngati chitsa cha m'munda watsopano. Linalira kuti gwedegwede, kenako phu, n'kutuluka ndi mizu yake yokhota, lakuda pakati. Ndinawamvera chisoni nditaona misozi ikutsikira m'makutu, chifukwa ngakhale anali wovuta, anali wanga.

Anawatsekera thonje pabalapo. Mlomo wa m'munsi unali utafa dzanzi, dovu likungoyenderera pa malaya awo a misonkhano. Namwino anatembenukira kwa ine.

"Mayi, alume thonjeli. Asalavule, asachukuche, adye phala lozizira. Ndipo asalankhule mpaka mawa, magazi angayambenso."

Ndinamupempha kuti abwereze mawu omalizawo, ndipo anabwereza.

Pobwerera ndinapalasa ndine, iwo atakhala pakaliyala atagwira tsaya. Msewu wa kwathu ndi wautali. Ndinayambira pa nkhani ya denga la khitchini limene linkadontha chikwatiraneni. Ndinapita pa achemwali awo amene anabwereka mphika wanga n'kuusandutsa wawo. Ndinanena za mbuzi imene anaphera alendo a chipani osandifunsa, za nsapato zimene anandilonjeza tili pachibwenzi, za mkonono, za mayi wogulitsa mandasi ku malire amene ankamupatsa moni wautali kuposa wa anthu ena. Akati "Mmm," ndinkawakumbutsa za magazi.

Titafika pa mlatho wa pafupi ndi kwathu ndinaona kuti nkhani zikadalipo, choncho ndinakhotera njira yodzera kumsika, imene ndi yozungulira.