Foni ya Achimwene Isazime

Aise, khalani pansi kaye, mafoni m'thumba, mumve izi. Ine mpaka lero ndikangomva fungo la sipiriti wa m'babashopu, uja amakupaka m'khosi akamaliza kukumeta, mtima umagunda ngati ndaba chinthu. Nkhani yake ndi ya dzinja lina ku Nsungwi, ndili kupulayimale, chaka chija magetsi ankabwera ngati mlendo, kungopereka moni n'kumapita.

Nthawi imeneyo gemu yanga inali ya ndewu basi. Kuseri kwa msika kunali kachipinda ka malata, mkati motentha, fungo la thukuta ndi zitumbuwa, ana kukuwa ngati ali ku mpira. Umangofinya mabatani onse pamodzi, chibakera, theche, mnzako pansi, yatha. Koma achimwene anga a Thoko, oyamba kubadwa kwathu, ankasewera zina. Anali ndi kafoni kakale kong'aluka sikirini, kopanda simu, ka gemu yokhayokha. Gemu yake inali yosinthana ngati bawo: iwe usunthe asilikali ako, uime, adani asunthe, aime, kenako iwenso. Munthu ankakhala pakhonde atagwira chibwano, chala m'mwamba, osadina kanthu, mpaka tiyi kuzizira. Ndinkawaseka kuti imeneyo ndi gemu ya madala opuma pantchito. Iwo ankangoti, "Iwe Yami, nzeru zako zonse zili m'zala."

Asilikali awo anawapatsa mayina a pakhomo pathu. Wa chishango chachikulu anali Abambo. Wonyamula mankhwala, wochiza anzake, anali Amayi. Wa lupanga anali Thoko mwini wake, wa uta ndinali ine, ndiye panali kamsilikali kothamanga kotchedwa Poizoni, dzina la galu wathu. Ndipo lamulo la gemuyo linali lankhanza: msilikali akafa, wafa, sadzukanso.

Tsiku lina masana, mvula ikumenya malata mpaka osamvana, achimwene anali pamphasa nkhondo ili mkati. Anali atadandaula za m'mimba kwa masiku, koma tsikulo anangopindika ngati bongololo, thukuta kamukamu, milomo yotuwa. Abambo anathamanga m'matope kukapempha galimoto kwa aneba. Powanyamula, achimwene anandikankhira kafoni kaja m'manja.

"Gwira. Usandiphetsere anthu anga."

Kuchipatala anati pafunika opaleshoni, koma adikire kaye. Amayi anatsala komweko ngati gadiyani, ndipo ana sankaloledwa mu wodi. Nyumba inangoti zii. Zovala zosauma pachingwe cha m'chipinda zinkanunkha chinyezi, mbaula ili yozizira pakona, nsapato za achimwene pakhomo matope atauma. Abambo ankachoka m'mawa, kubwera madzulo, ndipo ndikafunsa ankangoti, "Tipemphere."

Ndiye ndinatenga kafoni kaja. Ndinati kagemu ka madala aka ndikamaliza pompano, achimwene akabwera apeze ndawawinira. Ndinasewera mwa chizolowezi changa, dinu dinu dinu, osawerenga, osaganiza. Ndinathamangitsa Poizoni kutsogolo yekha. Adani atasuntha, anamuzungulira, kamodzi kokha, kachithunzi kake kanatuwa ngati phulusa. Ndinadina paliponse kuti abwerere. Ayi ndithu.

Tsopano mverani apa. Madzulo omwewo galu wathu sanabwere. Ndinamuitana kuseri, kudzala, mpaka kumjigo. M'mawa mbale yake inali momwemo, madzi a mvula atadzaza. Mwana akaphatikiza zinthu ziwiri m'mutu mwake, palibe m'busa angazilekanitse.

Ndinayang'ananso pa sikirini, ndipo m'pamene ndinaona bwinobwino zomwe kuthamanga kwanga kunachita. Thoko wa lupanga anali atatsala ndi kamzere kofiira ka moyo kochepa ngati ulusi. Pambali pake panaima chimdani cha nkhwangwa, chachikulu, mapewa akukwera ndi kutsika ngati chikupuma. Inali nthawi yanga yosuntha. Ndikalakwitsa, nkhwangwa itsika. Ndipo nkhwangwa ikatsika, m'mutu mwanga munalibe chikaiko kuti madzulo Abambo abwera ndi nkhani yanji.

Ndinaimika chala pamwamba pa galasi, osadina. Ndinadikira kuti chimdanicho chindimenye, poti m'gemu zanga ukaima umafa. Koma chimdani chija chinangoima. Ndinapita kukamwa madzi, kubwera, chili pomwepo. Ndinasesa pakhonde, kubwera, chili pomwepo. Eee! Chinthu chomwe ndinkadana nacho m'gemuyi, kudikira, n'chimene chinandipatsa mpweya. Ndinaganiza kuti ngati sindidina, nkhwangwa situluka m'manja mwake, ndiye kuti achimwene sangafe. Ntchito yanga inali imodzi: foni isazime.

Koma dzinja lija, foni isazime bwanji? Ndinatsitsa kuwala mpaka sikirini kuoneka ngati madzi a m'chithaphwi. Ndinkayenda nako kafoniko m'jumbo ya shuga, mkati mwa malaya, kakutenthera pamimba. Kukagunda bingu ndinkakafungatira. Kusukulu tinali pa holide, mwayi wake, ndiye tsiku lonse maso anali pa kachizindikiro ka batire, kakutsika, kakutsika, ngati madzi m'ndowa yobooka.

Chipulumutso chinali kwa a Jemusi, ometa tsitsi pafupi ndi siteji ya minibasi. Iwo anali ndi kajenereta kolira ngati njinga yamoto yodwala chifuwa, ndipo dera lonse linkatchajitsa mafoni kumeneko. Pathebulo pawo panali mulu wa mafoni ndi zingwe zopotana ngati mizu. Kafoni ka achimwene kanali ndi kabowo kotayirira, moti chingwe chinkafuna kuchigwira ndi dzanja. Ndinkakhala pabenchi m'fungo la sipiriti ndi utsi wa petulo, tsitsi la anthu likundigwera m'mapazi, nditapanikiza chingwe mpaka chala kuchita dzanzi. Madala odikira kumetedwa ankandiseka.

"A Jemusi, kamwana aka kali ndi chibwenzi m'menemo eti? Sikaphethira!"

Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti ndikanena, zichitika.

Tsiku lomwe Abambo ananena kuti achimwene alowa ku opaleshoni, ndinafika kwa a Jemusi batire ili pa kamzere komaliza. Ndinagwira chingwe, ndinagwira, mpaka mkodzo unandipana. Ndinapirira, ndinapinda miyendo, zinakanika. Ndinatsamiritsa kafoni pa botolo la mafuta, chingwe ndinachipanikiza ndi chipeso, n'kuthamangira kuseri.

Pobwera, aise, ndinapeza kafoni katagona chafufumimba, chivundikiro pambali, m'mimba mwake mopanda kanthu. Batire a Jemusi anali ataichotsa, ataipana pa katchaja kaja kokhala ngati chopanira zovala, timagetsi tofiira ndi tobiriwira tikuthwanima. Umu ndi momwe aliyense ankatchajira foni yovuta masiku amenewo. A Jemusi anatembenuka, makina ali m'manja, akumwetulira.

"Ndakuthandiza mphwanga. Chonchi imadzaza msanga, usamavutike ndi chingwe."

Sindikumbuka zomwe ndinayankha. Ndikumbuka kuti ndinatola foni yopanda batire n'kuliyatsa liwiro, matope akundithovukira kumsana, patapata imodzi kutsala m'ngalande. Nditakhota kulowera njira ya kwathu, ndinaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Inu mukudziwa masamba pamsewu amatanthauza chiyani. Ndinayenda pang'onopang'ono, makutu ali tcheru kumvetsera nyimbo za amayi a kutchalitchi. Nditapitirira pang'ono, ndinapeza chilole cha mchenga chitafa pakati pa njira, dalaivala ali pansi pake miyendo yokha ikuoneka. Masamba anali ake, ochenjeza magalimoto. Komabe mtima sunabwerere m'malo.

Ndinakhala pakhonde ndi chigoba cha foni mpaka Abambo anatulukira. Ndinayang'ana kayendedwe kawo, ndinayang'ana nkhope, osazindikira kanthu. Anafika, anakhala pa mpando, anavula nsapato, anapuma kaye. Abambo anga ndi munthu wosafulumira, tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuwagwedeza.

"Mkulu wako wadzuka," anatero. "Wayamba kale kuvuta, akufuna thobwa, anamwino akukaniza. Nanga iwe patapata ina ili kuti?"

Ndinalira mokweza mpaka aneba anasuzumira pampanda.

Achimwene anatuluka chimanga cha kuseri kwa nyumba chitayamba ngayaye, ataonda, akuyenda mowerama. Poizoni naye anali atabwera kale, khutu long'ambika, nthiti poyera, zikuoneka kuti anatsatira chibwenzi ku Mgona. Ndinakatenga batire kwa a Jemusi, koma sindinayerekeze kuyatsa. Ndinawapatsa achimwene n'kuwafotokozera zonse. Anayamba kuseka, n'kugwira pa bala, "Iwe usandiseketse, ulusi uduka!" Anayatsa. Gemu inali itasunga yokha. Chimdani cha nkhwangwa chili pomwe paja, mapewa akukwera ndi kutsika, chikundidikirabe.

"Ndi iwe," anatero, n'kundibwezera foni. "Sichithamanga. Yang'ana anthu onse uli nawo."

Ndinayang'ana, nthawi yaitali, tiyi wanga mpaka kuzizira. Masiku onse aja maso anga anali pa Thoko ndi nkhwangwa basi. Sindinaone kuti Amayi a mankhwala anali pafupi, kuti Abambo a chishango akanatha kufika. Ndinasuntha Abambo, anaima pakati. Ndinasuntha Amayi, kamzere kofiira kanatalika. Kenako ndinatseka maso n'kudina. Nkhwangwa inatsika, inagunda chishango, phoo! Thoko ali chiimire.

Lero ndine wamkulu, foni sichoka m'manja, ndipo gemu zosinthana ndimasewera, ngakhale pena zimanditopetsabe. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti moyo wa achimwene unali pansi pa chala changa. Pano ndimaona kuti unali m'manja mwa madokotala, ndi Amayi ogona pa simenti ya chipatala, ndi Abambo oyenda m'matope m'mawa ndi madzulo. Ine ndinangopeza malo amodzi m'dzinja lonselo pomwe chinthu choopsa chinkavomera kundidikira, ndipo ndinawakakamira.

Ndiye ndikufunseni, aise. Muli mwana, mkulu wanu ali pa bedi la chipatala, nkhwangwa ili m'mwamba, batire ikutha. Inuyo mukanadina, kapena mukanagwira chingwe ngati ine?