Apilo ya Amina yatha lero

Salaam nonse.

Apilo ya Amina, mwana wa malemu achemwali, yatha lero kukhothi lalikulu. Ine ndinalowa pa vidiyo ndili kuntchito ku Msheireb, kunja kwa dziko kuno, m'kachipinda kathu ka alonda. Supervisor anangondipatsa nthawi ya break basi, khalas.

Loya wathu ananena zomwe tinagwirizana zija, kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndine, ndipo khothi loyamba linalakwitsa kumupereka kuchimuna, kwa azakhali ake. Jaji anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ineyo: "Bambo, mwanayu ali sitandade chani?"

Ndinati 5. Azakhali ake anayankha motsitsa mawu kuti ali 7.

Jaji sanakalipe ayi. Analemba pang'ono n'kuwerenga chigamulo. Apilo yakanidwa, Amina akhalabe kwa azakhali ake, kwathu azibwera pa holide. Fayilo yatsekedwa, ndipo loya akatenga pepala losainidwa likatuluka.

Akuti tikafuna tikhoza kupita kukhothi lapamwamba. Amayi ndi akuluakulu nonse, mukuti bwanji? Koma musanandiyankhe, aliyense anene zoona pagulu pano: inuyo mumayesa Amina ali sitandade chani?