Nsungwi ya Pachifuwa

Agogo anga aamuna akabwera m'maganizo, chimayamba kundipeza ndi fungo la nsungwi yaiwisi ikuwauka pamoto, ikulira tsiii ndi kutulutsa thovu m'mfundo, utsi wake utasakanikirana ndi wa milamba imene amayi ankawamba kuseri kwa nyumba. Fungo limeneli limanditsatira ngakhale kuno ku Barking, m'dziko la azungu, nditakhala m'basi pochokera kuntchito komwe ndimasamalira okalamba, kunja kukuwaza kamvula kosatha kaja. Ndimawaona atakhala pansi pa mtengo wa bwemba, nsungwi ili pabondo, akuiwongola pang'onopang'ono atatsinzina diso limodzi. Sankaimba, sankaseka, ndipo ife adzukulu tinkawaopa kwambiri.

Tinkakhala pachilumba cha m'nyanja ya Chilwa, kutali moti ulendo wa kumtunda unkadalira bwato ndi mphepo. Chilimwe chikafika pachimake madzi a nyanja yaikulu ankawawa mchere, kuphikira tiyi osamweka, zitsime nazo n'kuuma. Pamenepo mudzi wonse unkadalira Kanyanja, thamanda la madzi okoma lomwe linali pakati pa mapiri awiri, kuseri kwa minda ya mpunga ndi chinangwa. Alendo ankati ndi malo okongola. Ine kukongolako sindinkakuona. Ndinkangoona madzi akuda bii, osagwedezeka ngakhale mphepo iwombe, ndi akakowa ataima chete m'mabango.

Vuto la Kanyanja linali m'mphepete mwake. Ndi maso unkaona udzu wobiriwira ndi timaluwa, ngati dambo wamba, koma pansi pake panalibe nthaka. Inali mizu yolukanalukana ikuyandama pamwamba pa madzi akuya, ndipo tinkaitcha chiphasa. Kuti ufike potunga madzi oyera unkayenda pachiphasapo, icho chikutitimira ndi kudzukanso, madzi ozizira akutuluka pakati pa zala za kumapazi. Chikabooka munthu ankalowa yense, bowo n'kutsekeka pamwamba pake.

N'chifukwa chake mwana aliyense wa pabanja pathu akafika msinkhu wosenza ndowa, agogo ankamudulira nsungwi yakeyake, yaitali kuposa munthu wamkulu. Sinali yoyendera ngati ndodo ayi. Unkaipingasa pachifuwa, manja onse awiri ali pomwepo, ndowa idzionere yokha pamutu. Akakupeza waiimika, ankakukwapula nayo yomweyo m'miyendo osafunsa kanthu, ndipo mawu awo anali omweomwewo: "Pingasa. Ukaiimika ulowa nayo."

Anyamata a m'mudzi, omwe ankathamanga pachiphasa chimanjamanja, ankawajeda kuti ndi nkhalamba yamantha, munthu wobadwira pachilumba koma pachiphasa saponda. Sankanama. Agogo ankatiperekeza mpaka pamwala wa m'mphepete, n'kukhala pomwepo akupichira fodya wawo, maso ali pa ife mpaka titabwerako. Ine ndinkachita nawo manyazi.

Tsiku lina amayi anagona ndi malungo, ndipo ndinapita kotunga nditabereka mlongo wanga Chikondi, yemwe anali asanayambe kuyenda. Titafika pamwala paja agogo anati ndimusiye ndi iwo. Koma mwanayo atangoona nkhope yawo anakuwa n'kundikakamira m'khosi, moti iwo anangopukusa mutu, n'kukoka mfundo ya chitenje changa kuti aone ngati yalimba. Anaimanganso okha, mpaka ndinamva kuwawa m'nthiti.

Kupita ndinapita bwino. Dzuwa linali paliwombo, ndipo ndinatunga ndowa yodzadza poopa kubwerako kawiri. Pobwerera, ine ndi ndowa ndi mwana tinalemera kuposa mmene chiphasa chinkandidziwira. Sichinapange phokoso. Chinangong'ambika ngati nsalu yakutha, ndowa n'kugwera kutali, ndipo nsungwi inandimenya m'khwapa mwamphamvu n'kundiimitsa. Ndinalendewera pamenepo, madzi ali m'chifuwa, miyendo ikufufuza pansi m'madzi ozizira koopsa, pansi pake palibe. Mizu inkandikulunga m'mawondo. Ndinkapalasa, ndipo ndikapalasa bowo linkakula, nsungwi n'kuyamba kuthetheka pafupi ndi mfundo.

Chikondi analira kamodzi kokha, kenako anangoti zii. Anali kumsana, m'munsi mwanga, ndipo sindikanatha kumuona kapena kumugwira, pakuti kusiya nsungwi kunali kulowa tonse awiri. Ndinkangomva timiyendo take tikundimenya m'chiuno. Pa moyo wanga wonse sindinaopepo chinthu ngati mmene ndinaopera kuti timiyendo timeneto tisiya.

Nditadzutsa maso ndinaona agogo ali pachiphasa. Ankabwera chokwawa, chafufumimba, akukankha nsungwi yawo patsogolo, malaya atanyowa, nkhope itatuwa mbuu. Mawu awo anatuluka owongoka.

"Esinati, leka kupalasa. Yang'ana ine, usayang'ane madzi."

Anapingasa nsungwi yawo pafupi ndi yanga n'kuigonera ndi chifuwa, chiphasa chikutitimira mpaka madzi kuwafika pachibwano. Analowetsa dzanja kufuna kumasula chitenje, koma mfundo yomwe anamanga okha ija inali itanyowa n'kulimbiratu. Anasolola kampeni kawo kodulira fodya, n'kucheka nsalu pachifuwa panga, dzanja lina atagwira kale mkono wa mwana kuseri kwa phewa langa. Anamutulutsa ali lende, n'kumugoneka chafufumimba paudzu, n'kumumenya kumsana. Mwana anasanza madzi akuda. Kenako analira, kulira kwabwino kuposa nyimbo iliyonse yomwe ndinamvapo. Ine anandikoka pakhosi la diresi, ndipo tinabwerera tonse chokwawa, iwo akukhwekhwereza mwana pambali pawo.

Pamwala paja ndinkayembekeza chikwapu. Sichinabwere. Agogo anakhala pansi n'kutulutsa fodya, koma anali atanyowa, moti yense anangomutaya pansi. Anayang'ana Kanyanja, kenako analankhula, osati kwa ine.

"Nthochi sindikwiriranso ine."

Ndinaganiza kuti mutu wawo wasokonekera ndi mantha. Anali amayi, atachira, omwe anandimasulira tikupeta mpunga pakhonde. Anati iwo anali ndi mlongo wawo, mwana woyamba wa agogo, dzina lake Yohane, yemwe tsiku lina anathamangira mbuzi pachiphasa bambo ake akuona. Mbuzi inadutsa, iye analowa. Amuna a mudzi wonse anang'amba chiphasa ndi makasu ndi zikwanje, anapisa ndi mitengo mpaka manja kutupa, koma sanamupeze. Poti maliro sangathe popanda manda, anachita monga mwa mwambo: anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'mphasa, n'kuliika m'manda m'malo mwa mwanayo. Agogo ndiwo analinyamula. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pachiphasa, ndipo anayamba kudula nsungwi. Manda aja ndinkawadziwa. Ndinkawaona agogo akuwalambula chaka ndi chaka, osadziwa kuti mulibe munthu.

Koma zimenezi ndinazimva pambuyo. M'mawa wotsatira ngozi ija ndinadzutsidwa ndi fungo la nsungwi pamoto. Agogo anali atadula yatsopano, ndipo anandipatsa pamodzi ndi ndowa yobwereka. Ndinalira, ndinakana, ndinati ndifa ndi ludzu kusiyana n'kupondanso pamenepo. Iwo sanandinyengerere, sanandiuzenso kuti palibe choopsa. Anangoti madzi ena kulibe, ndipo amayi ako akudwala.

"Uziopa," anatero. "Koma upite."

Ndinapita nsungwi nditaipingasa, iwo atakhala pamwala pawo, Chikondi ali pamiyendo pawo akukuwa monga mwa masiku onse.

Agogo anatisiya kalekale. Chikondi ali ku Zomba, ndi bambo wa ana tsopano, ndipo nkhaniyi ndikamuuza pafoni amangoseka, amati ndimawonjezera. Ine ndimakhala m'dziko lomwe madzi amatuluka pampopi, komwe ndinkaganiza kuti Kanyanja sikanganditsatire.

Nyengo yozizira yapitayi kanyanja ka m'paki ya kuno kwathu kanaundana pamwamba, kuyera mbee, kosalala ngati simenti. Ndinkadutsa pamenepo ndi mwana wanga Tadala pochokera kutchalitchi. Ndinangocheuka pang'ono, ndipo pobweza maso ndinaona wayika phazi limodzi pamadzi oundanawo akuseka. Sindidziwa kuti ndinafika bwanji. Ndinamukoka pakhosi la jekete mwamphamvu moti anagwa chagada paudzu, anthu oyenda ndi agalu awo n'kuima kutiyang'ana.

"Mum, it's not even deep," anatero akudzisasa, misozi ili m'maso. "Mukundichititsa manyazi."

Mwina ankanena zoona, mwina madziwo ndi olekeza m'mawondo. Nditadziyang'ana ndinapeza kuti ambulera yanga ndaipingasa pachifuwa. Jekete lake sindinalisiye mpaka tinakwera basi. Njira yonse anayang'ana kuwindo, ine ndinamusiya akwiye. Mkwiyo wa mwana ndikhoza kuupirira, koma nthochi sindikwirira ine.