Nyimbo Imene Ababa Anaigonera

Tinanyamuka ku Chilomoni Loweruka nthawi ya hafu leveni, ine ndi Ababa, ulendo wa ku Limbe kukaonera kanema wa Amwenye. Kanemayo ankayamba thu koloko, koma amene anakwerapo mabasi a masiku amenewo akudziwa chifukwa chake ndinawatulutsa m'nyumba dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndinene poyera, sunali ulendo wokangosangalala. Ndinali ndi chibwenzi, Amidu, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo ankhoswe ake anali atabwezedwa kawiri pakhomo pathu. Ababa, a Zuze, Msena wa ku Nsanje amene ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu, ankati mwana wawo sangakwatiwe ndi Msilamu. Amayi anali atatisiya zaka zinayi m'mbuyomo, achimwene anali ku Joni, m'nyumba tinatsala awiri. Azakhali anayesa kuwalankhula, analephera. Amalume anayesa, anabwerako atayamba kugwirizana nawo. Ine ndinati basi, ndiwatengera ku kanema.

Musaseke. Pa makanema oimba ndinali katswiri. Ndinkagwira ntchito pafakitale ina ku Makata, ndipo mwezi ukatha anzanga ankagula nsapato, ine tikiti. Chimwenye sindinkamva ngakhale liwu limodzi, mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi ankathamanga kuposa maso anga, koma nyimbo ndinkazimva bwinobwino. Ina inkandivinitsa mapewa sabata yonse ndili pamakina mpaka kapitawo kundifunsa ngati ndadwala. Koma yoposa zonse inali m'kanema amene ndinali nditaonera katatu. Mtsikana akutengedwa pangolo kupita ku ukwati, bambo ake akuyenda pambuyo akuimba. Katatu konse ndinalira mpaka mphuno kutupa. Ndiye ndinaganiza kuti Ababa, amene chaka chilichonse ankaliritsa tchalitchi chonse ndi sewero lawo loimba la Pasaka, munthu woti nyimbo akaimva kamodzi yalowa, iyi sikanawaphonya.

Amidu ndinamuuza kuti akhale pakhonde pake ndi makina mpaka titatuluka. Ndikadutsa nditanyamula mpango woyera m'manja, atsike adzawalonjere. Mpango ukapanda kuoneka, aziweramira nsalu yake ngati sakundidziwa. Ababa ndinangowauza kuti akapezako nyimbo zatsopano za kwaya. Anati bayisikopo ndi ya ana ndi anthu osowa chochita, koma jekete lawo la Lamulungu anavala.

Pa siteji ya Chilomoni tinapeza anyamata a chipani awiri, a malaya ofiira, akuona makadi a chipanicho anthu asanakwere. Langa ndinali nditamanga pa mfundo ya chitenje, ndipo chitenjecho chinafika m'mapazi, panalibe poti munthu n'kuyambira. Ababa anapisa m'thumba la m'kati, dzanja linangopitirira. Thumba linali lobooka. Basi ikulira, kondakitala akumenya chitseko, mnyamata mmodzi wayamba kale kutambasula mawu akuti madala mwina mugule lina. Ndinagwira jekete m'munsi, ndinalimva khadi lili pakati pa nsalu ziwiri, ndipo ndinalikankha ndi chala pang'onopang'ono mpaka linatulukira pabowo pomwepo. Mnyamatayo analitembenuza kawiri n'kutilola.

"Thumba ili lidzandimangitsa," anatero Ababa titakhala pansi. Ine ndinangoyang'ana pawindo. Telala analipo, koma ankamukana.

Kuchokera ku Chilomoni kufika m'tauni tinalipira matambala asanu aliyense. Basi inali yodzaza, ya mipando yolimba, ndipo pamtsetse uliwonse inkalira ngati ikudandaula. Mayi wina ananyamula nkhuku m'dengu, nkhukuyo inkajompha batani la jekete la Ababa njira yonse, iwo osayankhula kanthu poti anali atavala ulemu.

Hafu thwelofu tinali m'tauni, tikudikira ya ku Limbe. Ndinagula chimanga chootcha chiwiri ndi mtedza wa matambala awiri. Wogulitsayo, mayi wa Chilomwe wolankhula mothamanga, atamva kumene tikupita anaseka n'kundiuza kuti nditenge mtedza wambiri, chifukwa makanema a Amwenye amatha munthu atamva njala kawiri. Ababa anafunsa ngati ndi zoona. Ndinati maola atatu okha. Anandiyang'ana mmene ankayang'anira munthu wophonya mawu mu kwaya.

Ya ku Limbe inabwera wani koloko isanakwane, matambala asanu ndi awiri. Tinayenda bwino mpaka pa Chichiri, pomwe wapolisi anatiimitsa n'kuuza dalaivala kuti apatuke. Mtsogoleri wa dziko ankadutsa masana amenewo, ndipo msewu wonse unali wake. Amayi a chipani anali atandanda m'mphepete akuimba ndi kuvina, fumbi lili kobo. M'basi munalibe wodandaula mokweza. Aliyense anapeza poyang'ana. Bambo wina wa sutu anangoona wotchi yake n'kuibisa m'mkono wa malaya, ine ndinamuona, ndipo anandinong'oneza kuti ndi wani koloko ndi kota.

Ababa anagona. Kagonedwe kawo ndikadziwa: chibwano pachifuwa, maso tsinzinu, kenako mkonono wa besi umene unatembenuza makosi a mipando itatu. Atadzidzimuka anati tibwerere kunyumba, mwina Mulungu sakufuna bayisikopoyi. Ndinawayankha kuti Mulungu akanakhala kuti sakufuna, khadi lija silikanapezeka. Kubwerera sikunali m'mutu mwanga. Kanemayo ankachotsedwa Lolemba, ndipo Amidu anali atandiuza kuti akwawo ayamba kumulozera mtsikana wina wa ku Mangochi.

Magalimoto akuda ndi njinga zamoto anadutsa ngati mphepo, msewu unatsegulidwa, ndipo dalaivala anathamangitsa basi kudutsa Maselema osaima ngakhale anthu ankakupiza manja pa siteji. Tinatsika mu Limbe kutatsala mphindi zochepa. Ndinawakoka Ababa dzanja ngati mwana wa sukulu, ndinagula matikiti awiri a mabenchi akutsogolo, matambala makumi atatu imodzi, ndipo tinalowa nyimbo ya fuko ikuyamba. Holo yonse inaimirira. Ababa anaimba besi mokweza mpaka mnyamata wa pambali pawo anasiya kuimba n'kumangowamvetsera. Ndinati mumtima, tayamba bwino.

Ola loyamba anali ngati woyang'anira mayeso. Mnyamata ndi mtsikana atayamba kuthamangitsana mozungulira mitengo akuimba, anandifunsa ngati anthu awa alibe ntchito. Mtsikanayo atasintha zovala kanayi mu nyimbo imodzi, anafuna kudziwa kuti wochapa ndani. Ndinawafotokozera kuti makanema a azungu amabwera atadulidwa ndi a boma paliponse pamene anthu ayandikizana milomo, koma awa amadutsa athunthu poti chikondi chawo chimathera pa mtengo. Anati bola. Koma ng'oma zitayamba, zazing'ono zoimbidwa ndi zala zija, mafunso anatha, ndipo ndinaona phazi lawo likugunda simenti. Pa nthawi yopumula ndinawagulira samusa ziwiri pakhomo. Anayamikira kuti ophikawo amadziwa ntchito. Ndinadziluma lilime kuti ndisanene kuti ophikawo amapemphera Lachisanu.

Kenako nthawi yanga inafika. Ngolo inaima pakhomo, akazi anamukweza mtsikana atafunda nsalu yofiira, chitoliro chinayamba pansipansi. M'holo munamveka kufwenthera kale. Ndinatulutsa mpango wanga, ndinadikira kuti bambo uja ayambe kuimba, ndiyeno ndinatembenuka kuti ndione ntchito ya manja anga.

Chibwano pachifuwa. Maso tsinzinu.

Ndinawagunda ndi chigongono, osasuntha. Nyimbo yonse, mavesi onse, iwo ali chomwecho. Ndinalira ndithu, koma misozi ya tsiku limenelo inali yaukali. Ndinadziona kupusa kwanga konse. Mtsikana wamkulu, wolandira malipiro ake, kuika ukwati wake m'manja mwa Mmwenye wa pansalu ya kanema. Ndinali nditawerengera madzi a mphutsi.

Tinatuluka faifi koloko itadutsa. Loweruka masitolo ankatseka masana, ndipo makonde onse anali mbee, kupatula limodzi. Amidu anali pamenepo, makina ake akulira, atavala malaya oyera ndi tayi yobwereka. Ndinakankhira mpango m'kati mwa chitenje n'kudutsa maso ali kutsogolo. Ndinamva makina akuima pang'ono, kenako akuyambiranso. Zinandipweteka kwambiri.

Pa siteji panali mzere wautali. Ndinaima kutsogolo kwa Ababa, msana nditawapatsa, ndipo ndinatsimikiza kuti sindiwalankhula mpaka ku Chilomoni. Ndiye ndinamva kung'ung'udza pambuyo panga. Inali nyimbo ija. Osati chiduswa, yonse, kuyambira pa chitoliro, kukwera kwake, mpaka paja mawu a bambo uja amathyoka n'kuyambiranso. Ine amene ndinaimva kanayi malo amenewo sindinkawatha.

"Ababa, inu si munagona?"

"Unamva mkonono?"

Sindinaumve. Ndipo pamenepo ndinakumbukira, ine mwana wa m'nyumba, kuti nyimbo yatsopano ankaiphunzira chomwecho. Sisitere akabwera nayo ku kwaya, Ababa ankatsinzina, mutu pansi, ngati munthu wakomoka, kenako n'kudzuka atagawa kale mawu anayi.

Ababa anayang'ana nsapato zawo. Kenako anandiuza kuti mawu a Chimwenye sanawamve, koma woimbayo sankalirira mwana amene akupita. Ankalirira nyumba imene akubwereramo. Anati nyimbo itatha anatsegula maso, ndipo anaona bambo uja walowa m'nyumba mwake, watenga mbale ziwiri pathandala, wayang'ana, wabweza imodzi.

"Za mzikiti ndi tchalitchi n'zazikulu, Filomena, ndipo tidzakhalira pansi ndi abambo mfumu," anatero. "Koma si zimene zimandisowetsa tulo. Ine ndimaopa mbale ija."

Basi inafika, anthu anayamba kukankhana, ife osasuntha. Ababa anafunsa ngati telala wanga ndi uja yekhayekha wosoka atavala tayi, amene anandiyang'ana ngati mbuzi yoona mwini wake akudutsa. Ndinavomera. Anatuluka pamzere, ine pambuyo.

Amidu atationa tikubwera anaimirira msanga mpaka mpando unagwa. Anagwada pang'ono, manja pamodzi, n'kupereka moni wa Chiyao wosakaniza ndi Chinyanja. Nsalu imene inali pamakina anali ataisoka mpendero umodzi kambirimbiri, yalimba ngati lamba. Ababa anavula jekete, anatembenuza thumba lobooka lija n'kumupatsa.

"Soka apa."

Amidu anasankha ulusi wofanana ndi nsalu, anadula kachigamba, ndipo manja ake anakhazikika atangogwira singano. Sanathamange. Ababa anaima pambali akuyang'anitsitsa mpaka mapeto, analandira jekete, anakoka msokowo ndi zala ziwiri kuti aone ngati ungalekane. Analowetsamo khadi lawo, anavala, anagwiragwira pachifuwa. Anamuthokoza m'Chisena, takhuta, mawu amene sankawataya pa munthu wamba. Ndiyeno anamuuza kuti ankhoswe ake abwere Lamulungu linalo, Misa yachiwiri ikatha, ndipo nyumba yodzakhalamo tikakwatirana akaifune ku Chilomoni, osati ku Bangwe kumene munthu wokalamba amafunika mabasi awiri kuti akamwe tiyi.

Tinakwera basi ya sikisi koloko, ya m'tauni tinaipeza ikudikira, ndipo tinafika ku Chilomoni kutada kale. Njira yonse Ababa ankang'ung'udza, akuyesa kuika mawu a Chinyanja pa nyimbo ija kuti ilowe m'sewero la Pasaka, pamene Maria akutsatira mwana wake. Kondakitala anawafunsa ngati amwa, anamuyankha kuti achoka ku bayisikopo.

Ndinapita ku Limbe ndili wotsimikiza kuti ndikukawaonetsa Ababa chinthu. Kanema uja ndinamuonera kanayi, ndipo kanayi konse maso anga anali pa mtsikana wa pangolo, poti ndinkadziona ndekha. Za mbale ija sindinkazikumbuka n'komwe.

Titalowa m'nyumba ndinayatsa nyali n'kutenthetsa ndiwo zotsala. Nditatembenuka ndinapeza Ababa atenga okha mbale pathandala, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita chimwalirire Amayi. Anazigwira ziwirizo kanthawi, kenako anaziyika patebulo, imodzi kwawo, imodzi kwanga, ndipo anati tidye zisanazizire.