Nyerere za pa chitini cha atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anauzidwa kukiliniki kuti ali ndi matenda a shuga. Tinkakhala ku Nsefu, ndipo kukatenga mapilitsi unali ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga, mwinanso kuima panjira kudikira kuti njovu zidutse.

Atate sanali munthu wongomeza zouzidwa. Ngakhale mbewu yatsopano ya thonje ankayamba aiyesa pa mizere iwiri. Choncho anthu atayamba kubwera ndi zitsamba, uyu masamba a nimu, uyu makungwa a mvunguti, wina a muwawani, iwo anati adzayesa mtengo umodziumodzi, uliwonse sabata yake. Ukapezeka wothandiza, mapilitsi adzawasiya.

Oweruza mlanduwo anali nyerere. M'mawa uliwonse atate ankasiya mkodzo pang'ono m'chitini kuseri kwa nkhokwe. Nyerere zikaunjikana, ndiye kuti shuga akadali m'thupi. Popeza maso awo anali atayamba kuona mwachimbuuzi, ntchito yokasuzumira m'chitinimo inagwera ine.

Ndinkadana nayo ntchito imeneyi. Fungo ndinalizolowera msanga, koma nkhope ya atate ayi. Ndikanena kuti zabwera, ankangoti chabwino, kenaka n'kukhala duu tsiku lonse, munthu amene kale ankatiseketsa mpaka kutsamwa. Nimu analephera. Mvunguti nawo unalephera.

Itafika sabata ya muwawani, ndinanyowetsa kansanza m'palafini wa m'nyale n'kupaka kunsi kwa chitini. Nyerere zinafika, n'kubwerera. Atate anaitana amayi kuti adzatsimikize. Amayi anagwada, nayang'anitsitsa, n'kunena kuti mulibedi ngakhale imodzi. Tsiku limenelo atate anaimba nyimbo akusenda makungwa ena, ndipo ine mtima unangoti myaa. Ndinapakanso mawa lake, mpaka masiku asanu ndi awiri anakwana.

Mapilitsi anawasiya, chitini n'kuchitaya. Ine ndinkadzinyengerera kuti mwina muwawaniwo ukugwiradi ntchito, poti chinthu chowawa chotero sichingakhale chachabe.

Patapita miyezi iwiri atate anayamba kuonda, akumwa madzi ngati ng'ombe. Kenaka analasidwa ndi munga kumunda, ndipo bala la kuphazi linakana kupola. Litayamba kununkha, anawatengera kuchipatala pa ngolo. Amayi anatiuza pambuyo pake kuti anesi atafunsa chifukwa chosiyira mapilitsi, atate anayankha molimba mtima kuti anayesa okha, sabata yathunthu, ndipo shuga anali atatha. Anabwerako atadulidwa zala ziwiri za kuphazi lamanzere.

Ndinaulula tsiku lachitatu chibwerereni. Anali atakhala pampando pakhonde, phazi lomangidwa nsalu atalisanjika pa mtondo wogoneka. Ndinagwada patali pang'ono, poti ndinkayembekezera ndodo. Anandisiya kulankhula mpaka kumaliza, kenaka anafunsa kuti ndinapaka kangati.

"Masiku onse seveni, atate."

Anayang'ana phazi lawo.

"Iwe Esinati," anatero, "ine ndinkafunsa nyerere chifukwa nyerere sizindimvera chisoni. Iwe unandimvera chisoni."

Sanandimenye, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Ndodo imene ndinkaiopayo ndi imene anayendera zaka zawo zonse zotsala.

Masiku ano ndimamva pa wailesi kuti akatswiri akuyesa mitengo yathu yomweyi kuti aone ngati ingathandize odwala shuga. Sindiwaseka, ndipo ndimawafunira zabwino. Ndimangopempha kuti pakati pawo pasakhale munthu wamtima ngati wanga wa nthawi ija, wofunitsitsa yankho labwino mpaka kulithandizira. Amene akuyesa mankhwala ayenera kulola kuuzidwa kuti ayi.

Anthu akwathu akandifunsa ngati muwawani umachizadi shuga, poti atate anamwa, ndimawauza zoona kuti sindikudziwa. Atate anafunsa bwinobwino, koma yankho lake ndinalipukuta ndine ndi kansanza ka palafini.